Zigawo za locale mu C ndi mmene timalembera ndalama, madeti ndi mawu kuno kwathu

Pulogalamu iliyonse yolembedwa m'chiyankhulo cha C imayamba ntchito yake ili mu locale (malamulo a kalembedwe ka manambala, ndalama, madeti ndi mawu) yotchedwa "C", kaya kompyutayo ili mu ofesi ya ku City Centre, m'fakitale ya ku Kanengo kapena kutsidya kwa nyanja. Lamulo limeneli linakhazikika mu 1989, pamene bungwe la ANSI linatulutsa muyezo woyamba wa C, womwe bungwe la ISO linauvomereza chaka chotsatira, ndipo fayilo ya `locale.h` pamodzi ndi `setlocale()`, function yosinthira locale, zinalowa m'chiyankhulochi kudzera m'muyezo womwewo. Mu locale ya "C" nambala imagawidwa ndi kadontho, zilembo zozindikirika ndi 26 za Chingerezi zokha, zazikulu ndi zazing'ono, mayina a masiku ndi miyezi amatuluka m'Chingerezi, ndipo mawu amasanjidwa potsata nambala za mabayiti awo. Pulogalamu imakhalabe momwemo mpaka mwini wake ataisintha yekha.

Ambiri mwa ife amene timalemba mapulogalamu muno mu Lilongwe, tikangomva za `setlocale()`, timayika mzere umodzi wa `setlocale(LC_ALL, "")` kumayambiriro kwa `main()`, basi n'kuganiza kuti za locale tathana nazo. Ine ndimaona kuti mzere umenewu ndi wolemera kuposa momwe timauonera, chifukwa umapereka zinthu zingapo zosiyana m'manja mwa kompyuta yomwe sitikuidziwa, pomwe amene anakonza C anazigawa dala kuti wolemba pulogalamu azisankha chimodzichimodzi. Muyezo wa C uli ndi zigawo zisanu, zomwe ndi `LC_CTYPE`, `LC_COLLATE`, `LC_NUMERIC`, `LC_MONETARY` ndi `LC_TIME`, ndipo `LC_ALL` ndi dzina lozitchula zonse pamodzi. POSIX, muyezo wa ma system a mtundu wa Unix, inawonjezerapo `LC_MESSAGES`, pomwe glibc, laibulale yomwe imayendetsa mapulogalamu a C pa ma Linux ambiri, ili ndi zinanso monga `LC_PAPER`, `LC_MEASUREMENT` ndi `LC_TELEPHONE`.

Tikapereka dzina lopanda kanthu, monga mu mzere uja, pulogalamu imakafunsa ma environment variable, omwe ndi zoikamo za kompyuta yomwe ikuyendapo, ndipo imafunsa motsatana. Ikapeza `LC_ALL` ili ndi dzina, imatenga limenelo pa zigawo zonse osayang'ananso kwina. Ikapanda kupeza, imayang'ana dzina la gawo lililonse palokha, monga `LC_TIME`, ndipo likasowa limenelo m'pamene imatenga `LANG`. Ngati dzina lomwe lapezekalo ndi la locale yomwe sinaikidwe pa kompyutapo, `setlocale()` imabweza `NULL` ndipo palibe chimene chimasintha, koma ndi ochepa mwa ife amene timayang'ana zomwe yabweza. Nkhaniyi imatikhudza kwambiri kuno chifukwa makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'mashopu athu anagulidwa atagwirapo kale ntchito kunja, ena anabwera ndi mabungwe othandiza, ndipo ma seva omwe timabwereka pa intaneti ali m'mayiko ena. Pulogalamu yomwe mwayiyesa pa laputopu yanu ili pa `en_GB.UTF-8` ikhoza kukagwera pa makina a `de_DE.UTF-8`, kapena pa seva yomwe ilibe locale ina iliyonse kupatula "C".

Gawo lomwe ndimaliopa kuposa onse ndi `LC_NUMERIC`, ngakhale ntchito yake imaoneka yochepa. Ndilo limauza `printf()`, `scanf()` ndi `strtod()` chizindikiro chogawira nambala yathunthu ndi zidutswa zake. Ife timalemba K1,500.75, mpatuliro pa masauzande ndi kadontho pa matambala. Ajeremani amalemba nambala yomweyo kuti 1.500,75, ndipo anansi athu a ku Mozambique, potsata kalembedwe ka Chipwitikizi, nawonso amagawa zidutswa ndi mpatuliro. Tsono taganizirani pulogalamu ya kagulu ka alimi ka ku Mitundu, yomwe imasunga mitengo ya soya mu fayilo ya CSV. Ikayenda pa kompyuta ya locale ya Chijeremani itatsegula zigawo zonse, `strtod()` ikamawerenga "1500.75" imaima pa kadontho, chifukwa kwa iyo kadontho si mbali ya nambala, ndipo imabweza 1500. Matambala 75 aja amasowa mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse wa vuto, pokhapokha wolemba pulogalamu atayang'ana pomwe kuwerengako kwaimira kudzera mu pointer yachiwiri yomwe `strtod()` imadzaza. Polemba zinthu zimaipiratu, pakuti `printf("%.2f")` imatulutsa "1500,75", ndipo mu CSV mpatuliro ndi malire a danga, kotero mtengo umodzi umasanduka manambala awiri n'kukankhira zonse za kutsogolo kwake m'madanga olakwika. Fayilo ya JSON nayo imafuna kadontho nthawi zonse, ndipo nambala ya mpatuliro imaiwononga.

Chomwe chimandidetsa nkhawa m'vuto limeneli n'chakuti pulogalamu siima, imangopitiriza kupereka manambala ooneka ngati abwino. Kusiyana kumadzaonekera pa kutha kwa mwezi, pamene msungichuma akuphatikiza mabuku, ndipo woyamba kukayikiridwa amakhala kalaliki amene analowetsa manambalawo, yemwe sanalakwe chilichonse. Pa chifukwa chimenechi ine ndimasiya `LC_NUMERIC` pa "C" m'pulogalamu iliyonse yomwe imawerenga kapena kulemba mafayilo oti makina ena adzawerenge. Ndikafuna kuti zigawo zina zitsate kompyuta ya wogwiritsa ntchito, ndimayamba ndi `setlocale(LC_ALL, "")` n'kutsatiza nthawi yomweyo `setlocale(LC_NUMERIC, "C")`, kapena ndimatsegula zigawo zokhazo zomwe ndikuzifuna. Dziwani kuti mukatero, kachizindikiro ka `%'d`, komwe POSIX inaika kuti `printf()` izigawa masauzande, sikachita kanthu, chifukwa locale ya "C" ilibe chogawira masauzande. Zikatero ndimalemba ndekha ka function kakang'ono koika mpatuliro pa manambala oti munthu awone pa sikirini kapena pa lisiti. Ndionjezerepo pano kuti ndalama n'zosayenera kusungidwa mu `double`, mtundu wa nambala za zidutswa, n'komwe. Sungani matambala ngati nambala yathunthu, 150075, ndipo kadontho muzikaika pokhapokha posindikiza.

`LC_CTYPE` ndi gawo lomwe ndimalitsegula pafupifupi nthawi zonse, chifukwa ndilo limauza pulogalamu mmene mabayiti amasandukira zilembo. Chichewa chimalembedwa ndi zilembo za Chilatini, ndipo izi zimatipusitsa kuti ASCII, kalembedwe ka zilembo za Chingerezi zokha, yatikwanira, koma tili ndi ŵ. Mu Unicode chilembo chimenechi ndi U+0175, ndipo mu UTF-8, njira yosungira zilembo za Unicode ngati mabayiti, chimatenga mabayiti awiri, C5 ndi B5. Dzina loti Malaŵi lili ndi zilembo 6, koma `strlen()` imanena kuti 7, ndipo imatero mu locale ina iliyonse chifukwa ntchito yake ndi kuwerenga mabayiti. `printf("%-12s")` nayo imawerenga mabayiti poyeza danga, motero mzere wa pa lisiti womwe muli ŵ umafupika ndi malo amodzi ndipo mitengo ya kutsogolo kwake imapendekera. Kuti muwerenge zilembo zenizeni muyenera kusandutsa mawuwo ndi `mbstowcs()` kapena `mbrtowc()`, ndipo ma function amenewa amazindikira mabayiti awiri aja ngati chilembo chimodzi pokhapokha `LC_CTYPE` ili pa locale ya UTF-8. N'chimodzimodzinso posandutsa chilembo chaching'ono kukhala chachikulu. `toupper()` imalandira bayiti imodzi, choncho singakwanitse kupereka Ŵ, ndipo ntchitoyo imafuna `towupper()`.

Pali chinanso chobisika m'gawo lomweli. Pulogalamu yomwe imagwiritsa ntchito `toupper()` poyerekeza mawu a malamulo ake amkati, monga mayina a makiyi mu fayilo ya zoikamo, imakhala itadalira locale mosadziwa. Chitsanzo chodziwika kwa olemba mapulogalamu padziko lonse ndi cha Chiteki, chiyankhulo cha ku Turkey, chomwe chili ndi i wa kadontho ndi ı wopanda kadontho, moti chilembo chachikulu cha i si I ayi koma İ. Pa mawu amkati otere ndi bwino kulemba kuyerekeza kwanu kwa ASCII kokhakokha. Kwa amene akuyendetsa mapulogalamu pa seva, glibc 2.35, yomwe inatuluka mu 2022, inabwera ndi locale ya `C.UTF-8`, yomwe Debian ndi Ubuntu zinali nayo kale mwa njira yawoyawo. Imazindikira zilembo za UTF-8 koma manambala, madeti ndi ndalama imazisiya momwe zilili mu "C", ndipo ine ndimaiona kuti ndi poyambira pabwino pa pulogalamu yomwe ilibe munthu woyang'ana pa sikirini.

Kasanjidwe ka mawu kali m'manja mwa `LC_COLLATE`, koma gawoli limakhudza ma function monga `strcoll()` ndi `strxfrm()`, pomwe `strcmp()` imangoyerekeza mabayiti mpaka kalekale. Mukasanja potsata mabayiti, Z wamkulu ndi 90 ndipo a wamng'ono ndi 97, kotero "Zomba" imabwera patsogolo pa "balaka" ngati wolowetsayo anaiwala chilembo chachikulu. Mawu oti "malaŵi" amagwera kumbuyo kwa "malaya", chifukwa bayiti ya C5 ndi yaikulu kuposa chilembo chilichonse cha ASCII, pomwe mu locale ngati `en_GB.UTF-8` chilembo cha ŵ chimatengedwa ngati m'bale wake wa w ndipo mawuwo amakhala pomwe wowerenga akuwayembekeza. Chovuta kwambiri kwa ife ndi kachizindikiro ka m'mwamba ka mu "ng'ombe" ndi "m'mudzi". Kowongoka ka pa kiyibodi ndi bayiti imodzi, nambala 39, ndipo kamaika "ng'ombe" patsogolo pa "ngalande". Kopindika komwe mapulogalamu olembera makalata amaika okha ndi U+2019, mabayiti atatu, ndipo kamaponya mawu omwewo kumbuyo kwa "ngwazi". Pamaso pa munthu ndi mawu amodzi, pomwe kwa makina ndi awiri osiyana, ndipo palibe gawo la locale lomwe lingawasandutse ofanana poyerekeza mabayiti. Pamenepa ntchito ndi ya pulogalamu yanu, kuti posunga izisankha kachizindikiro kamodzi n'kusandutsa kenako.

Kasanjidwe ka locale kamasinthanso pakapita zaka, ndipo anzanga osunga ma database asaiwale zimenezi. Mu 2018 glibc 2.28 inasintha malamulo ake osanjira mawu kuti agwirizane ndi muyezo wa ISO 14651 watsopano. Ma index a database ya PostgreSQL omwe anamangidwa ndi malamulo akale anasiya kugwirizana ndi kasanjidwe katsopano pa makina omwe anakwezedwa, ndipo eni ake anayenera kuwamanganso. Chilichonse chomwe mwasunga pa diski chitasanjidwa ndi `strcoll()` chimadalira laibulale yomwe inalipo tsiku limenelo. N'chifukwa chake ine ndimasunga zinthu potsata mabayiti, ndipo `strcoll()` ndimaiyitana pokhapokha pokonza mndandanda woti munthu awerenge.

Za `LC_TIME` ambiri timazidziwa kudzera m'chisokonezo cha madeti. `strftime()` ikapatsidwa `%x` mu locale ya "C" imayamba ndi mwezi, kenako tsiku, kenako manambala awiri a chaka, monga amalembera ku America. Tsiku la 3 Epulo 2025 limatuluka 04/03/25, ndipo Mmalawi aliyense adzaliwerenga ngati 4 Malichi, chifukwa ife timayamba ndi tsiku. Pa khadi la sikelo ya mwana, pa tsiku lobweza ngongole ku banki ya m'mudzi kapena pa tsiku lothera mphamvu mankhwala, kusiyana kwa mwezi wathunthu si nkhani yaing'ono. M'mafayilo ndimalemba deti mwa njira ya ISO 8601, 2025-04-03, pogwiritsa ntchito `%Y-%m-%d`, yomwe silabadira locale, ndipo pa pepala loti munthu awerenge ndimakonda kulemba dzina la mwezi lonse kuti pasakhale kukayika. Mayina a masiku ndi miyezi omwe `%A` ndi `%B` zimatulutsa amachokeranso m'gawo lomweli. Koma nthawi ya dera ilibe gawo mu locale. Imeneyo imachokera ku `TZ`, ndipo yathu ndi `Africa/Blantyre`, yomwe ili maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi yomwe dziko lonse limayezerapo. Mukhoza kusintha `LC_TIME` mmene mungafunire, koma seva yomwe ili pa UTC idzalembabe kuti malonda a 1 koloko usiku anachitika dzulo lake.

`LC_MONETARY` imagwira ntchito mosiyana ndi zinzake, chifukwa `printf()` siiyang'ana n'komwe. Zomwe zili m'gawoli mumazipeza kudzera mu `localeconv()`, yomwe imabweza `struct lconv` yokhala ndi chizindikiro cha ndalama, dzina lake la zilembo zitatu la ISO 4217, kuchuluka kwa manambala a kutsogolo kwa kadontho, komanso ngati chizindikirocho chimabwera patsogolo kapena pambuyo pa nambala. POSIX inapereka `strfmon()` kuti izichita zonsezi pakamodzi. Mu locale ya "C" madanga onse a ndalama amakhala opanda kanthu. Ine gawo limeneli sindilikhulupirira pa ntchito za kuno, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mtundu wa ndalama ndi mbali ya zomwe zagulitsidwa, pomwe locale imangonena za kompyuta yomwe yatsegulidwa. Thumba la feteleza lomwe lagulidwa m'makwacha limakhalabe la makwacha ngakhale lisiti litasindikizidwa pa laputopu ya `en_GB.UTF-8`, koma `strfmon()` idzaikapo chizindikiro cha paundi. Komanso kwacha yathu, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1971, imalembedwa ndi K mofanana ndi ya ku Zambia, kotero pa malonda a ku Mchinji ndi Chipata pulogalamu iyenera kusunga MWK kapena ZMW pambali pa nambala iliyonse m'malo modalira chizindikiro.

`LC_MESSAGES` ndiidutsa mwachangu. Ndiyo imauza `gettext()` chiyankhulo choti itengemo mauthenga omasuliridwa, ndipo ilinso ndi njira yozindikirira yankho lovomera ndi lokana, zomwe kwa ife zikanakhala inde ndi ayi. Apa m'pamene kugawa zigawo kumaonetsa phindu lake poyera, chifukwa mayi wogulitsa pa shopu ya ku Kawale akhoza kuwerenga mauthenga m'Chichewa pomwe manambala a m'mafayilo ake sanasunthike.

Locale yomwe `setlocale()` imasintha ndi ya pulogalamu yonse, ndipo ili ngati wailesi imodzi ya m'minibasi: mmodzi akasintha siteshoni, onse okwera amva yomweyo. M'pulogalamu ya ma thread angapo, kutanthauza ntchito zingapo zoyenda nthawi imodzi, thread imodzi ikasintha `LC_NUMERIC` kwa kanthawi kuti isindikize lipoti, inzake yomwe ikuwerenga fayilo nthawi yomweyo imayamba kuwerenga ndi malamulo atsopanowo, ndipo vuto lotere limabwera mwa apo ndi apo moti kulisaka kumatopetsa. Pa chifukwa chomwechi laibulale siyenera kuyitana `setlocale()` payokha, popeza ikatero imasokoneza pulogalamu ya munthu wina yomwe yaibwereka. POSIX ya 2008 inabweretsa `newlocale()`, `uselocale()` ndi `freelocale()`, zomwe zimalola thread iliyonse kukhala ndi locale yakeyake, ndipo `newlocale()` imalandira zigawo zomwezi kudzera m'mayina monga `LC_NUMERIC_MASK`. Ngati mukufuna kungodziwa locale yomwe ilipo, perekani `NULL` m'malo mwa dzina, koma kopani mawu omwe abwezedwawo musanayitanenso `setlocale()`, chifukwa kuyitana kotsatira kukhoza kuwafufuta. Zomwe `localeconv()` imabweza zilinso chimodzimodzi.

Dzina la locale pa Linux limapangidwa ndi chiyankhulo, dziko ndi kalembedwe ka zilembo. Chichewa chili ndi `ny` mu ISO 639-1 ndipo Malaŵi ali ndi `MW` mu ISO 3166, choncho dzina lathu likhoza kukhala `ny_MW.UTF-8`. Pa makompyuta omwe ndagwirapo ntchito muno mumzinda, lamulo la `locale -a`, lomwe limaonetsa ma locale oikidwa pa kompyuta, silinandionetsepo dzina limeneli, ndipo ambiri timangobwereka `en_GB` chifukwa imayamba ndi tsiku pa deti komanso imagwiritsa ntchito pepala la A4. Komabe glibc ili ndi `sw_TZ` ya Chiswahili cha ku Tanzania ndi `bem_ZM` ya Chibemba cha ku Zambia, ndipo zimenezi zinalembedwa ndi anthu ngati ife tomwe. Mafayilo ake ndi a mawu wamba, amakhala mu `/usr/share/i18n/locales`, ndipo fayilo iliyonse imagawidwa m'mitu yokhala ndi mayina a zigawo zomwe ndafotokozazi. Gawo lomwe simukufuna kulisintha mumalikopa kuchokera ku locale ina ndi mawu oti `copy`, ndipo mukamaliza mumaimanga ndi `localedef -i ny_MW -f UTF-8 ny_MW.UTF-8`.

Kulemba fayilo yotere ndi ntchito yochepa pa manja, ndipo kulemera kwake kuli pa zosankha zomwe munthu mmodzi sayenera kupanga yekha. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu onse amayamba ndi L, ndipo anayi mwa iwo amayamba ndi "Lachi", kotero chidule cha zilembo zitatu chomwe `%a` imayembekezera sichingatengedwe kumayambiriro kwa dzina monga amachitira m'Chingerezi. Ena amati Lamulungu, ena Lasabata, ndipo kwa abale athu a Seventh-day Adventist Sabata ndi Loweruka, choncho dzina losankhidwalo liyenera kukhala losasokoneza aliyense. Miyezi nayo timailemba mosiyanasiyana, ena Okotobala ena Okutobala, ndipo pa `LC_COLLATE` tiyenera kugwirizana ngati ng' akhale pakati pa mawu a ng kapena akhale ndi malo akeake. Mafunso amenewa amafuna aphunzitsi a Chichewa, alembi a nyuzi ndi akatswiri a Centre for Language Studies ku Zomba atakhala pamodzi ndi ife olemba mapulogalamu, ndipo mbali yathu pa zokambirana zimenezo ndi kuwafotokozera bwino lomwe chomwe danga lililonse la m'fayilomo limachita likafika pa lisiti, pa sikirini ndi pa mndandanda wa mayina.